Mukudya zopatsa thanzi koma thupi silikuchepa? Yambirani apa

Chipisi cha pachiwaya munasiya. Ufa woyera munausiyanso, pano ndi mgaiwa wokhawokha. Buledi mumagula wabulawuni, mu tiyi mumathira uchi, ndiwo zamasamba sizisowa pa mbale, mapeyala ndiye osanena. Papita miyezi itatu, koma zipi ya siketi ija ikukanabe kutseka, lamba akadali pa bowo lomwe lija. Anthu ambiri akafika apa amangogwa ulesi n'kumati, "Ine ndi chibadwa, kwathu tonse ndife onenepa, ngakhale madzi amandinenepetsa."

Chibadwa chilipodi, ndipo ena amavutika kuposa anzawo ngakhale akudya zofanana. Koma madzi sananenepetsepo munthu. Kawirikawiri chimene chachitika n'choti mwasintha mtundu wa chakudya, kuchuluka kwake kwatsala komwe kuja, mwinanso kwawonjezekera poti mtima uli m'malo kuti izi n'zabwino. Mgaiwa umaposadi ufa woyera: uli ndi gaga, umakhalitsa m'mimba, ndipo suluza zofunika zambiri zimene zimatayika chimanga chikakonoledwa n'kuviikidwa. Koma magalamu 100 a ufa, kaya ndi mgaiwa kaya woyera, amapatsa thupi mphamvu yofanana, makalori pafupifupi 360. Mphamvu yotsala thupi limaisunga ngati mafuta, ndipo silifunsa ngati yachokera m'peyala kapena m'mandasi.

Ndiye ntchito imene ili apa si yofunafuna chakudya china chodabwitsa. Ndi yofufuza pamene zochuluka zikulowera osaziona, n'kutseka malowo limodzi ndi limodzi. Ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa khanda, mukumwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin, musachepetse chakudya musanalankhule ndi achipatala. Malangizowa ndi a anthu akuluakulu, si a ana.

Choyamba: dziwani pamene muli

Sikelo imasokoneza munthu amene sanaizolowere. Kulemera kumatha kusintha ndi kilogalamu imodzi kapena awiri pa tsiku lomwelo chifukwa cha madzi, mchere, kudzimbidwa, chakudya chimene chidakali m'mimba, ndipo kwa amayi masiku oyandikira kupita kumwezi. Yezani kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwelo, m'mawa mutapita kuchimbudzi koma musanadye, pa sikelo imodzimodziyo. Ngati mumayezetsa kwa anyamata a sikelo m'tauni, muzibwerera kwa yemweyo, nsapato ndi jekete mutavula. Lembani nambalayo, ndipo musaiweruze mpaka mutakhala ndi manambala a masabata anayi.

Kenako tengani chingwe. Chiduleni molingana ndi msinkhu wanu, kuchokera pansi mpaka pamwamba pa mutu, chipindeni pawiri, muchizungulize pamimba pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, osakoka mimba m'kati. Nsonga zikakumana, zili bwino. Zikapanda kukumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo amenewo ndiwo amayenderana kwambiri ndi shuga, BP ndi matenda a mtima. Amene ali ndi tepi ya atelala, miyezo imene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limagwiritsa ntchito ndi iyi: chiopsezo chimayamba kukwera mimba ikapitirira masentimita 80 kwa amayi ndi 94 kwa abambo, ndipo chimakula kwambiri ikapitirira 88 kwa amayi ndi 102 kwa abambo. Tepi imeneyi nthawi zina imayamba kusonyeza kusintha sikelo isanasunthe.

Kuchipatala amawerengeranso BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwanu ndi msinkhu wanu. Mumatenga makilogalamu anu, kugawa ndi msinkhu wanu m'mamita, yankholo kuligawanso ndi msinkhu womwewo. Munthu wa makilogalamu 78 wotalika mamita 1.6 amapeza 30.5. Kuyambira 25 ndiye kuti thupi lapitirira muyezo, kuyambira 30 ndi kunenepa kwambiri. Ngati mwapeza pakati pa 18.5 ndi 24.9 ndipo chingwe chija chikukumana, mwina palibe choti muchepetse. Thupi likukana chifukwa lili kale pamalo pake.

Cholinga chikhale chofikirika. Kuchotsa makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse amene mumalemera kumatsitsa kale BP ndi shuga wa m'magazi. Kwa munthu wa makilogalamu 80, amenewo ndi makilogalamu 4 mpaka 8 basi, ndipo liwiro labwino ndi pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata.

Chachiwiri: sabata imodzi musasinthe kanthu, muzingolemba

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, komatu ndi pamene pagona nkhani. Pezani kakope kapena gwiritsani ntchito foni, chilichonse cholowa pakamwa chilembedwe nthawi yomweyo, osadikira madzulo. Kujambula mbale musanayambe kudya kumathandizanso. Musadzikonze kuti kopelo lioneke bwino, palibe mphunzitsi adzachonge.

Chakudya cha pa tebulo aliyense amachikumbukira. Zimene zimathawa ndi izi: kulawa ndiwo pophika, nkhoko za m'poto, phala limene mwana wasiya n'kumalizidwa ndi mayi kuti lisatayike, kapepala ka mtedza wokazinga mu minibasi, chimanga chootcha podikira basi, mandasi amene mnzanu wa muofesi anabweretsa, mkute wa m'mawa, tiyi wachitatu. Loweruka ndi Lamlungu zilembedwe ndithu. Munthu amatha kudzigwira bwinobwino masiku asanu, masiku awiri a kumapetowo n'kubweza zonse.

Sabata ikatha, tengani cholembera muzungulize zinthu zitatu zokha: paliponse pamene pali mafuta, pamene pali shuga, ndi chilichonse chomwa chimene si madzi.

Chachitatu: werengani botolo la mafuta ndi paketi ya shuga

Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Kaya ndi a mpendadzuwa, a soya, a mtedza, kapena a olive okwera mtengo aja, nambala ndi yomweyo. Mpiru, repu, chainizi, bonongwe, chisoso ndi nkhwani pazokha zili ndi makalori ochepa zedi, mutha kudya mbale yodzaza popanda vuto. Koma taonani mmene timaphikira. Mafuta amathiridwa kuchokera m'botolo, dzanja n'kumangopendeka mpaka pansi pa poto ponse panyezimire, tomato ndi anyezi n'kumasambira. Popakula, pamwamba pa ndiwo pamayandama timadontho tofiira, ndipo mbamu yomaliza ya nsima imapukuta mbale kuti tisatsale. Munthu ameneyu akanena kuti amadya zamasamba tsiku lililonse sakunama, kungoti wamwanso mafuta.

Simufunika kuyeza poto aliyense. Lembani pa botolo tsiku limene mwalitsegula, muone tsiku limene litathe. Lita imodzi ya mafuta ili ndi makalori opitirira 8,000. Ngati botolo la malita awiri likutha m'masabata awiri pa banja la anthu asanu, aliyense akudya masupuni aakulu awiri pa tsiku, makalori pafupifupi 240, ndipo akuluakulu amadya oposa pamenepo chifukwa ana amadya zochepa. Yerekezani ndi izi: mayi wamkulu amafunika makalori cha m'ma 2,000 pa tsiku, bambo cha m'ma 2,500, ndipo wokhala pampando tsiku lonse amafunika ocheperapo.

Chochita n'chosavuta kunena. Mafuta azituluka m'botolo ndi supuni. Yambani ndi supuni yaing'ono imodzi pa munthu aliyense pa ndiwo iliyonse. Anyezi akayamba kugwira pansi, dontheziranimo madzi m'malo mwa mafuta ena, tomato aphwanyika chimodzimodzi. Nsomba yaiwisi muziiwamba kapena kuiphika ndi tomato m'malo moimiza m'mafuta. Nkhuku muziichotsa khungu, nyama ya mafuta muzisenga mafutawo musanaphike. Nyemba zopsa bwino sizifuna mafuta ambiri kuti msuzi ugwirane. Ndiwo zotendera zipitirire, n'zabwino, koma sankhani chimodzi: nsinjiro kapena mafuta, osati zonse mumphika umodzi. Therere ndilo silivuta, silifuna mafuta ngakhale dontho.

Ngati wophika ndi wina, kaya ndi akazi anu, mtsikana wantchito kapena achemwali, nkhaniyi mukambirane ndithu, chifukwa amene wagwira botolo ndiye akulamulira. Ambiri amavomera msanga akaona kuti mafuta ayamba kukhalitsa, mmene akwerera mtengomu.

Shuga muwerengenso chimodzimodzi. Paketi ya kilogalamu imodzi ili ndi masupuni aang'ono 250 osasefukira. Ikatha pa sabata m'nyumba ya anthu asanu, aliyense wadya masupuni 7 pa tsiku, osawerengera shuga wa m'zakumwa, m'mabisiketi ndi m'zitumbuwa. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni aang'ono pafupifupi 12 pa tsiku, kuphatikiza zonsezo, ndipo kuti kutsika kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Supuni yathu ya mu tiyi nthawi zambiri imakhala yosefukira, imodzi imakwana awiri. Shuga wabulawuni ndi shuga basi. Uchi nawonso umalowa m'gulu lomweli, supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori opitirira 60. Musasiye lero ndi lero, mungadane ndi tiyi. Muzichotsa theka la supuni pakapita masiku angapo, lilime limazolowera.

Chachinayi: zakumwa

Chakumwa sichikhutitsa monga chotafuna. Mutha kumwa makalori 300 n'kukhala pa tebulo ndi njala yonse. Zakumwa zambiri za m'mabotolo zimakhala ndi shuga wa magalamu 10 kapena kuyandikira apo pa mamililita 100 alionse, kutanthauza masupuni aang'ono 7 kapena 8 m'botolo la mamililita 300. Werengani pa chikutiro, zimalembedwa. Sobo wosungunula mokoma, maheu a m'sitolo, yogati wotsekemera, thobwa lothira shuga, zonsezi ndi chakudya, si madzi.

Chimene chimapusitsa anthu osamala kadyedwe ndi juwisi. Wa m'bokosi wolembedwa 100% ali ndi shuga wofanana ndithu ndi wa zakumwa zinazo, ngakhale wachokera m'zipatso. Wopanga nokha nayenso samalani naye: mango awiri, nthochi ziwiri, kachidutswa ka chinanazi, zonse zimalowa m'tambula imodzi n'kumwedwa mphindi imodzi, pamene mukanati muzisenda n'kumatafuna mukanalekera panjira. Chipatso chizidyedwa chathunthu.

Mowa ndiye abambo ambiri safuna kumva. Botolo limodzi wamba lili ndi makalori cha m'ma 140, asanu ndi 700. Chibuku ndi masese ali ndi ufa pamwamba pa mowawo. Komanso mowa suyenda wokha, umaitana kanyenya, mang'ina ndi chipisi cha pakati pa usiku. Ngati simukusiya, dulani pakati, ndipo ikani malire musanafike pamalopo.

Chachisanu: nsima musaisiye, ichepetseni

Ndaonapo anthu ambiri akulumbira kuti nsima basi, sadzadyanso. Amapirira masiku ochepa, kenako usiku njala ikawapotokola amapezeka ali pa buledi ndi majarini, magawo asanu kapena asanu ndi limodzi, n'kudya zoposa mtanda umene anauthawa uja. Nsima si mdani. Vuto ndi mmene mbale yathu imakhalira: phiri la nsima, ndiwo pang'ono zongopititsira.

Tembenuzani mbaleyo. Theka likhale ndiwo zamasamba zophikidwa ndi mafuta ochepa aja. Gawo limodzi mwa anayi likhale chomanga thupi: usipa, matemba, utaka, chambo, mazira, nkhuku, nyemba, nandolo, khobwe, nzama kapena soya. Gawo lotsalalo ndiye la nsima, yokula ngati chibakera chanu kapena kuposerapo pang'ono ngati mumagwira ntchito yolemetsa. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timawaona pa zithunzi za kuchipatala akhalepo onse, chikusintha ndi kukula kwa malo a gulu lililonse.

Musadumphe kuchoka pa mitanda itatu kufika pa umodzi. Chotsani umodzi, khalani pamenepo masabata awiri, malo akewo adzazidwe ndi masamba ndi nyemba. Pemphani wophika kuti mtanda wanu aziumba ndi chipande chaching'ono. Yambani ndi ndiwo musanatsine nsima, ndipo idyani mosathamanga, chifukwa kukhuta kumachedwa kumveka. Ngati kwanu mumadyera mbale imodzi, pakulani zanu padera musanayambe. Pa mbale ya onse palibe amene amadziwa kuti wadya zingati.

Mbatata, chinangwa, mpunga, kachewere, nthochi zophika, kondowole, futali, makaroni ndi buledi zonse zili m'gulu la nsima. Kusiya nsima n'kudzaza mbale yomweyo ndi mpunga sikusintha kanthu. Pa chakudya chimodzi pakhale chokhutitsa chimodzi.

Chomanga thupi chisasowe m'mawa, chifukwa ndicho chimagwira m'mimba nthawi yaitali. Mbatata yowiritsa imodzi ndi dzira lowiritsa, kapena phala la mgaiwa la supuni imodzi ya nsinjiro, zimakufikitsani masana bwino kuposa tiyi wa shuga ndi sikono. Ena amakhala bwino osadya m'mawa, palibe cholakwika. Koma ngati kope lanu likusonyeza kuti mumasala tsiku lonse n'kudzagwetsa mitanda inayi usiku mutaweruka, sunthirani chakudya china masana.

Tsopano zabwino zija zofunika muyezo. Mtedza uli ndi makalori pafupifupi 570 pa magalamu 100, choncho wodzaza chikhatho kamodzi ndi wokwanira pa tsiku, osati mbale pambali mukuonera mpira. Chiponde, supuni imodzi. Peyala lili ndi makalori 160 pa magalamu 100, ndipo mapeyala athu ena ndi aakulu ngati mutu wa mwana. Gawo limodzi mwa anayi la peyala lotero ndi lokwanira, ndipo tsiku limenelo majarini asakhalepo. Nyengo ya mango, amene amakhala pansi ndi beseni adziwe kuti akudya chakudya chathunthu. Awiri akwana. Magwafa, mapapaya, malalanje ndi manachesi amakhutitsa ndi makalori ochepa.

Chachisanu ndi chimodzi: konzekerani anthu

Kwathu kuno munthu akanenepa amauzidwa kuti zikumuyendera, mkazi akanenepa pabanja amati mwamuna akumusamala. Akayamba kuchepa, mafunso amayamba: "Mwaonda bwanji, mukudwala?" Ena safunsa n'komwe, amangonong'onezana, ndipo tonse tikudziwa matenda amene amaganizira. Mantha amenewa abwezapo anthu ambiri m'mbuyo. Komatu vutoli lakula: kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa asanu alionse a zaka 15 mpaka 49 anali wopitirira muyezo, ndipo m'tauni chiwerengerocho chinali chokwera kwambiri kuposa kumudzi. Auzeni a m'nyumba mwanu ndi anzanu apamtima zimene mukuchita musanayambe kuoneka kusintha, kuti akamva manong'onong'o akhale ndi yankho.

Ku ukwati, kuchinkhoswe ndi kumaphwando, mbale imodzi imalandira mpunga, nsima, chipisi, makaroni ndi saladi wa mayonezi. Musapiteko ndi njala. Sankhani chokhutitsa chimodzi, tengani nyama ndi masamba, chakumwa chikhale madzi kapena botolo limodzi basi. Kwa apongozi kapena kwa azakhali kukana chakudya n'kulakwa, ndiye landirani ndi manja awiri, bwezani mtanda umodzi m'mbale yaikulu musanaukhudze, yamikirani ndiwo. Akakakamiza, "Zikomo kwambiri amayi, ndakhuta, zotsalazi mundisungire" ndi mawu okwanira. Tsiku limodzi lodya kwambiri siliwononga mwezi, bola mawa lake mubwerere pa mbale yanu ija osadikira Lolemba.

Chachisanu ndi chiwiri: kuyenda ndi tulo

WHO imati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, zofulumizitsa mpweya koma zoti n'kumathabe kulankhula, kuwonjezapo masiku awiri a zolimbitsa minofu. Sizifuna jimu. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, kabaza wa mtunda waufupi musiyeni apite, limani, palasani njinga, nyamulani zigubu za madzi, khalani ndi kudzuka pampando kakhumi kangapo. Minofu imafunika chifukwa munthu akamachepa thupi imachepa nayo, ndipo ndiyo imagwiritsa ntchito mphamvu yambiri.

Chenjezo lili apa: kuyenda ndawala mphindi 30 kumachotsa makalori cha m'ma 150 okha. Mandasi awiri pobwerera abweza zonsezo ndi chiwongoladzanja. Kuyenda n'kwabwino kwa mtima, shuga ndi maganizo, ndipo kumathandiza kuti thupi lisabwererenso, koma kuchepa kwenikweni kumachokera kukhitchini.

Tulo tisachepere maola 7. Munthu wosagona mokwanira amamva njala kwambiri tsiku lotsatira ndipo amalakalaka zotsekemera ndi zokazinga. A ntchito za usiku, alonda ndi anamwino, muzinyamula chakudya chochokera kunyumba, chifukwa zimene zimagulitsidwa usiku ndi zokazinga zokhazokha. Ngati mumaliza mkonono kwambiri, kubanika kutulo, n'kumadzuka muli otopa, kanenenitu kuchipatala.

Chachisanu ndi chitatu: tengani buku lanu la kuchipatala muone mankhwala

Pali anthu amene akuchita zonsezi molondola koma pali china chikukoka. Mankhwala ena amanenepetsa kapena kuwonjezera njala. Jakisoni wolera wa miyezi itatu, Depo-Provera, amanenepetsa amayi ena. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene anthu ambiri m'Malawi anasinthidwirako kuyambira 2019, amawonjezera thupi kwa ena, makamaka amayi. Prednisolone womwedwa nthawi yaitali, insulin, glibenclamide, amitriptyline, sodium valproate wa khunyu ndi mankhwala ena a matenda a maganizo amachitanso chimodzimodzi.

Musasiye ngakhale amodzi mwa amenewa panokha. Kusiya ma ARV kapena mankhwala a khunyu chifukwa cha siketi ndi kuika moyo pachiswe, ndipo kusiya kulera popanda njira ina mapeto ake ndi mimba yosakonzekera. Pitani mukanene momveka: "Chiyambireni mankhwalawa ndawonjezera makilogalamu akutiakuti, pali njira ina?" Nthawi zina amasintha, nthawi zina amakuuzani kuti mupitirize n'kulimbikira mbali ya chakudya, koma mukhala mukudziwa chimene mukulimbana nacho.

Matenda nawo alipo. Chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, chikamagwira ntchito mofooka, munthu amatopa, amamva kuzizira anzake ali bwinobwino, khungu limauma, amadzimbidwa, tsitsi limathothoka. Amapima ndi magazi ndipo mankhwala ake alipo. Mayi amene amadumphitsa miyezi osasamba, akumera ndevu kapena ziphuphu zambiri, akuvutika kutenga pakati, afunse za PCOS, vuto la mahomoni lokhudza thumba la mazira. Zaka zosiya kusamba zikafika, mafuta amasamukira pamimba ngakhale kadyedwe kasanasinthe. Ndipo mimba yaikulu si mafuta nthawi zonse: zotupa za m'chiberekero zimakulitsa mimba, makamaka ngati mukutaya magazi ambiri posamba. Kutupa miyendo kapena nkhope, kupuma movutikira, kapena kulemera kokwera msanga m'masiku ochepa, amenewo akhoza kukhala madzi obwera ndi vuto la mtima, impso kapena chiwindi. Zimenezo n'zothamangira kuchipatala, osati zochepetsera nsima. Muli komweko, yezetsani BP ndi shuga.

Ngati mumadya mobisa mpaka kudwala, kudzisanzitsa, kapena kumadya pofuna kuziziritsa nkhawa, limenelonso ndi vuto loti mukambe ndi achipatala, si kufooka kwa mtima.

Chomaliza: zosagula, ndi zochita pakatha mwezi

Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali malonda a tiyi wochepetsa thupi, makapisozi, khofi ndi malamba omanga pamimba. Tiyi wambiri wotere amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsika chifukwa mwataya madzi, mukamwa madzi imabwerera. M'maiko osiyanasiyana, makapisozi ena otchedwa achilengedwe apezekapo ndi sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pa msika m'maiko ambiri mu 2010 chifukwa chowonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima. Lamba amafinya mimba nthawi imene mwamuvala basi. Madzi ofunda a ndimu sasungunula mafuta, ubwino wake ndi woti mwamwa madzi m'malo mwa tiyi wa shuga. Majakisoni ochepetsa thupi monga semaglutide amagwiradi ntchito, koma ndi odula, amafuna kulemberedwa ndi kuyang'aniridwa ndi dokotala, abodza aliponso pa msika, ndipo ambiri akasiya thupi limabwerera.

Musayambe zonse zili pamwambazi tsiku limodzi. Sabata yoyamba ndi yolemba. Yachiwiri, mafuta ndi zakumwa. Yachitatu, shuga ndi mtanda umodzi uja. Kuyenda kulowe pamene mwakonzeka. Pakatha masabata anayi chiyambireni kusintha, yang'anani manambala onse pamodzi ndi tepi. Ngati mwatsika kilogalamu imodzi kapena awiri, kapena mimba yachepa ndi sentimita ngakhale imodzi, musasinthe kanthu, pitirizani. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700, ndiye siingachoke m'masiku atatu.

Pakapita miyezi ingapo sikelo idzaima, zimachitikira aliyense. Thupi locheperapo limafuna chakudya chocheperapo, komanso dzanja limayamba kubwerera mwakale osazindikira: supuni ya mafuta yasanduka kupendeketsa botolo, chipande chachikulu chabwerera mumphika. Tengani kope lija mulembenso sabata imodzi, lembaninso tsiku pa botolo la mafuta, kenako chotsani chinthu chimodzi chokha kapena onjezani mphindi 15 pa kuyenda kwanu. Kudzimana mpaka chizungulire ayi.

Ikakwana miyezi itatu mukuchita zonsezi mokhulupirika koma sikelo ndi tepi sizinasunthe, nyamulani kopelo, manambala anu ndi mapaketi a mankhwala onse amene mumamwa, azitsamba omwe, mupite nazo kuchipatala. Pemphani kuti akupimeni chithokomiro ndi shuga, ndipo funsani ngati pali katswiri wa kadyedwe woti aone zimene mwalembazo.